Kodi Make Ali Kuti?

Tsiku lina Loweruka m'mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, basi imene tinakwera inaima pa Liwonde tili pa ulendo wa ku Balaka. Aliyense amene anayendapo njira imeneyi adziwa m'mene malowa atenthera nyengo ya chilimwe, ndiponso m'mene amalonda athamangira galimoto iliyonse imene yaima, wina ndi nsomba, wina ndi mazira ophika, wina ndi madzi ozizira. Pakati pa onsewa panali mnyamata wina amene ananyamula katoni. M'katonimo munali tiagalu tinayi tating'ono ndithu, totsegula kukamwa chifukwa cha kutentha, ndipo mnyamatayo anali kutola kamodzikamodzi pachikopa cha pakhosi ndi kukaonetsa pazenera.

"Achizungu awa, bwana! Akakula wakuba sapondapo pakhomo!" anatero mnyamatayo.

M'basimo tinali ndi mbale wathu wina, mkulu wa mpingo, amene akuba anamubera mbuzi ziwiri m'nyengo ya masika. Iye anaona kagalu kamodzi kabweya bwino, kamakutu ogwa, ndipo mtima wake unatengeka. Pamene anali kukambirana za mtengo, mayi wina wachikulire amene anakhala pampando wa kumbuyo anasuzumira nafunsa kuti, "Iwe mwana, kodi make ali kuti? Timeneti si toyamwa kodi?" Mnyamata uja anangoseka nati make ali kunyumba. Basi inaliza hutala, mbale wathu anapereka ndalama zokwanira kugula thumba la chimanga, ndipo tinanyamuka.

Patapita masabata awiri tinakumana naye mbale uja kutchalitchi. Anatiuza kuti kagalu kaja kanalira usiku wonse kwa masiku atatu, kenaka kanaleka kudya, kanayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba mwa magazi, ndipo pa tsiku lachisanu ndi chitatu kanafa. Ana ake anakakwirira kuseri kwa nkhokwe ali kulira. Koma chimene chinamusowetsa tulo sichinali ndalama ai. Mwana wake wamng'ono anali kugona nako pamphasa, ndipo tsiku lina kanamuluma pachala posewera. Bamboyo sanadziwe kumene kagaluko kanachokera, kapena ngati make analandirapo katemera, ndipo wogulitsa uja sakanamupezanso. Anatenga mwanayo kupita naye kuchipatala, ndipo tiyamika Mulungu kuti ali bwino kufikira lero.

Kuyambira tsiku limenelo funso la mayi wachikulire uja silinachoke m'maganizo mwathu. Tifuna kuti mwezi uno tiliganizire pamodzi, makolo ndi ana omwe.

Chimene wogula saona

Munthu akamagula kagalu pamseu kapena m'sitolo, aona mbali imodzi yokha ya malondawo, ndiyo kagalu kokongola kamene kali patsogolo pake. Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kuseri kwa kagalu kalikonse kuli galu wamkazi amene anakaswa, ndipo m'mene galu ameneyu akhalira ndi chinthu chimene wogulitsa safuna kuti wogula achione.

Galu wamkazi amakhala ndi bere masiku ngati 63, ndipo agalu ambiri amafuna amuna kawiri pa chaka. Munthu amene aweta agalu ndi cholinga cha ndalama zokha amawerengera masiku amenewa monga mlimi awerengera mizere ya m'munda. Amamukweretsa galuyo nthawi iliyonse imene angathe, osampatsa mpata woti thupi lake libwerere. Amachotsa ana msanga, pakuti kagalu kakang'ono ndiko kakopa ogula, ndiponso tsiku lililonse limene kakhala pakhomo ndi chakudya chimene chapita. Mankhwala a njoka za m'mimba, katemera ndi khola laukhondo, zonsezi amaziona ngati zochepetsa phindu. Galuyo akakalamba naleka kuswa, ntchito yake yatha, ndipo ambiri amangotayidwa kapena kuphedwa.

Malonda otere sangayende ngati wogula afika yekha pakhomo pa woweta, chifukwa munthu aliyense wamaso angaone nthiti za galuyo, mphere, nkhupakupa ndi ndowe zimene zadzaza m'khola, nabwerera ndi ndalama zake m'thumba. Nchifukwa chake pamafunika munthu wapakati, amene agula tiagalu kwa woweta motchipa ndi kukatigulitsa kutali. Munthu wapakatiyu ndiye chinsalu chimene chibisa zonse. Ku maiko a ku Ulaya ndi ku America chinsalu chimenechi chakhala sitolo yogulitsa ziweto za m'nyumba. Kwathu kuno ndi katoni ya pamseu ndi chithunzi cha pafoni.

Zimene anzathu a maiko ena anaona

Ku United States, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha m'chaka cha 1945, alimi ena a m'zigawo za pakati pa dzikolo anayamba kuweta agalu ambirimbiri monga mbewu yogulitsa. Ena anawaika m'makola a waya amene kale munali nkhuku ndi akalulu. Tiagalu tinali kunyamulidwa pa magalimoto kupita ku masitolo a m'mizinda ikuluikulu, kumene tinali kuikidwa pazenera loyera bwino kuti ana odutsa ationere ndi kuumiriza makolo awo. Malo oweterawa anthu anawatcha dzina lofanizira ndi chigayo, pakuti agalu anali kupangidwamo monga ufa utuluka m'chigayo, ndipo chigawo cha Missouri chinatchuka kwambiri ndi malo otere.

Zaka zambiri zinapita anthu asanazindikire kuti sitolo yokongola ija ndi khola lonyansa lija ndi malonda amodzi. Atazindikira, anaona kuti kuyendera makola kokha sikukwanira, chifukwa makolawo ndi ambiri ndipo ndi obisika. Motero anaganiza zotseka khomo limene tiagaluto titulukira. Chigawo cha California chinakhala choyamba kuletsa masitolo kugulitsa agalu, amphaka ndi akalulu ochokera kwa oweta amalonda, ndipo lamulolo linayamba kugwira ntchito mu Januwale 2019. Chigawo cha New York chinatsatira ndi lamulo limene linayamba mu Disembala 2024. Ku France nakonso masitolo analetsedwa kugulitsa agalu ndi amphaka kuyambira mu Januwale 2024.

Ku England lamulo lotere lili ndi dzina la galu. M'chaka cha 2013 galu wina wamkazi wamng'ono, wotchedwa Lucy, anapulumutsidwa pa malo ena oweterako agalu amalonda ku Wales. Chifukwa cha kukhala zaka zambiri m'kakhola kopanikiza ndi kuswa kosalekeza, msana wake unali wopindika, ubweya unali utasosoka, ndipo anali kudwala khunyu. Anakhala zaka zitatu m'manja mwa anthu omukonda, namwalira m'chaka cha 2016. Nkhani yake inakhudza anthu ambiri, ndipo dokotala wa ziweto Marc Abraham pamodzi ndi anzake anaumiriza boma kufikira linamva. Kuyambira pa 6 Epulo 2020, ku England munthu wofuna kagalu kapena kamphaka kosafika miyezi 6 ayenera kupita kwa woweta mwini wake, kapena ku malo osungirako nyama zosowa pokhala. Wapakati analetsedwa.

Chimene chinatidabwitsa powerenga za nkhaniyi ndi ichi: mfuu imene anthu a ku England aja anali kuphunzitsa ogula inali funso lomwe lija la mayi wa m'basi ya pa Liwonde, lakuti make ali kuti. Mayi uja sanapite ku Ulaya, koma analera ana ndi ziweto, ndipo anadziwa kuti choyamwa sichisiyana ndi make.

Nanga kwathu kuno?

Wina anganene kuti izi ndi nkhani za azungu, pakuti ku Ntaja, ku Nsanama, ku Ulongwe kapena ku Phalula kulibe sitolo yogulitsa agalu. Nzoona kuti makolo athu sanali kugula galu. Galu akaswa pamudzi, munthu amapita kukapempha, mwini wake namuuza kuti adikire kufikira ana ataleka kuyamwa. Tsiku lokatenga amapereka nkhuku kapena kangachepe kothokoza. Wopemphayo amadziwa make, amadziwa ngati ndi galu wosaka, wolondera kapena wakuba mazira, ndipo kagalu kakadwala amadziwa khomo lokafunsa.

Masiku ano zinthu zasintha. Umbava wachuluka, anthu ali kumanga nyumba za mipanda pa Liwonde ndi pa Balaka, ndipo aliyense afuna galu wamkulu woopsa. Maina ngati German Shepherd, Rottweiler ndi Boerboel amveka ngakhale pakamwa pa ana a sukulu. Pamene pali ofuna ambiri, ogulitsa sachedwa kufika. M'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre anthu akhala akuona anyamata ataima m'mbali mwa mseu, atanyamula tiagalu ndi tiamphaka padzuwa tsiku lonse popanda madzi. Ena amalengeza pa Facebook ndi pa WhatsApp, nalonjeza kutumiza kagalu pa basi kulikonse kumene wogula ali. Balaka ali panjira ya pakati pa mizinda iwiriyi, ndipo pa Liwonde ndi pamene padutsa a ku Zomba, a ku Mangochi ndi a ku Nayuchi. Malonda alionse a m'tauni amatsata mseu, ndipo awanso atipeza.

Pa malonda amenewa pali chinyengo chambiri. Tiagalu tonse tikakhala tating'ono timafanana, kotero kuti nkosavuta kugulitsa kagalu ka m'mudzi ndi dzina lachizungu. Kagalu kotupa mimba chifukwa cha njoka wogulitsa amati nkonenepa. Kofooka ndi njala ndi ludzu amati nkofatsa. Tina ndi tobedwa. Ndipo wogula akabwera mawa kudzadandaula, apeza pamalopo paima munthu wina.

Lamulo la dziko lathu silinakhale chete pa zimenezi. Lamulo loteteza nyama, limene lili pa Chaputala 66:01 cha malamulo a Malawi, liletsa kuzunza chiweto, kuchivutitsa popanda chifukwa, ndi kuchinyamula mwa njira yochipweteka. Bungwe la LSPCA, limene linayamba ntchito yake ku Lilongwe m'chaka cha 2008, lakhala likuchenjeza anthu kuti asamagule nyama za pamseu, ndipo limasunga agalu ndi amphaka osowa pokhala kuti anthu ofuna akatenge. Koma lamulo ndi mabungwe sizingaime pa siteji iliyonse. Amene amaima pamenepo tsiku ndi tsiku ndife ogula.

Chifukwa chake kayenera kukhala ndi make

Kagalu kamabadwa kosaona ndi kosamva. Maso ake amatseguka patapita masiku 10 kufikira 14. Mkaka woyamba wa make ndiwo umene ukapatsa mphamvu yolimbana ndi matenda, monga momwe zikhalira ndi mwana wa munthu. Pa sabata lachitatu kapena lachinayi kamayamba kulawa chakudya china, koma kapitiriza kuyamwa. Madokotala a ziweto agwirizana kuti kagalu kasachotsedwe kwa make kasanakwane masabata 8.

Masabata otsirizawo ndiwo sukulu ya kagalu. Posewera ndi abale ake, kakaluma mnzake mopweteka mnzakeyo amalira naleka kusewera, ndipo make amakadzudzula. Pamenepo kaphunzira kuti mano ali ndi malire. Kagalu kochotsedwa msanga sikaphunzira zimenezi, ndipo kawirikawiri kamakula kamantha ndi kolusa mosadziwika bwino. M'mera mpoyamba. Makolo amene agula kotere poganiza kuti apeza mlonda, mwina abweretsa galu amene adzaluma mwana wa pakhomo pomwepo kapena mlendo wobwera kudzacheza.

Matenda amene anapha kagalu ka mbale wathu uja afanana ndi amene madokotala amawatcha parvo. Matendawa anadziwika pa dziko lapansi m'chaka cha 1978, ndipo amagwira makamaka tiagalu tosalandira katemera. Amafala kudzera m'ndowe, ndipo kachirombo kake kamatha kukhala m'dothi miyezi yambiri. Katoni imodzi imene mwasonkhanitsidwa tiagalu tochokera m'makomo osiyanasiyana ikwanira kupatsira tonse. Banja limene kagalu kafera pakhomo pao ndi matendawa liyenera kudziwa kuti likabweretsa kena msanga, kosabayitsa, nakonso kangadwale. Palinso njoka za m'mimba zimene kagalu kamatengera kwa make kasanabadwe. Mazira ake amatuluka m'ndowe, ndipo angalowe mwa mwana wokwawa amene aika dothi m'kamwa.

Chiwewe ndi ana athu

Choopsa choposa zonse ndi chiwewe. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linena kuti matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo mu Africa ndi ku Asia, ndipo pa anthu 10 alionse anayi ndi ana osafika zaka 15. Pafupifupi onsewa amatenga matendawa kwa galu. Munthu akangoyamba kuonetsa zizindikiro, kuchira nkosayembekezeka.

Ife a Malawi tisaganize kuti ziwerengerozi ndi za kutali. M'chaka cha 2007, dokotala wa ana Macpherson Mallewa ndi anzake anasindikiza zimene anapeza pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Pa ana 133 amene anamwalira ndi matenda ogwira ubongo, 14 anafa ndi chiwewe. Ndiponso pa ana 26 amene poyamba anaganiziridwa kuti afa ndi malungo a m'bongo, atatu anapezeka kuti chinali chiwewe. Izi zitiphunzitsa kuti matendawa amabisala, ndipo maliro ena amene tinalira m'midzi mwathu ndi kunena kuti ndi malungo kapena ufiti, mwina chiyambi chake chinali kabala kakang'ono kamene palibe anakasamala.

Anthu ambiri amaopa galu wamkulu wotuluka thovu kukamwa, koma saopa kagalu. Komatu nakonso kangakhale ndi chiwewe, ndipo ndiko kamene ana amakanyamula, kukapsompsona ndi kugona nako. Galu angaoneke wabwinobwino kwa masabata kapena miyezi matendawa ali m'thupi. Pogula kagalu kamene sitidziwa kwao, tilowetsa m'nyumba chinthu chimene mbiri yake palibe angatiuze.

Pali chotonthoza. Chiwewe chili ndi katemera kuyambira m'chaka cha 1885, pamene Louis Pasteur anapulumutsa mnyamata wolumidwa ndi galu ku France. Akatswiri anapeza kuti agalu 70 pa 100 alionse a m'dera akalandira katemera chaka ndi chaka, matendawa amaleka kufala. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi boma, linabaya agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha. Tsiku la 28 Seputembala chaka chilichonse ndi lokumbutsana za matendawa. Choncho tikamva kuti alangizi a ziweto abwera kudibi kapena pabwalo la sukulu kudzabaya agalu, tisanene kuti tatanganidwa kumunda.

Mwana akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu, ngakhale kagalu, tsukani balalo msanga ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku chipatala cha boma cha Machinga pa Liwonde, cha Balaka, kapena chaching'ono chimene muli nacho pafupi. Musayambe mwadikira kuti muone ngati adwala, ndipo musataye nthawi ndi mankhwala opaka a kumudzi. Inu ana, musabise bala poopa kukalipiridwa. Inu makolo, musakalipire mwana amene waulula.

Kodi Mau a Mulungu atipo chiyani?

Mwina wina afunsa ngati nkhani ya agalu iyenera kulowa m'nyuzi ya mpingo. Tiyankha kuti Mlengi amene anatipatsa ulamuliro pa zamoyo zonse anatiika m'munda wake monga osunga, ndipo wosunga adzafunsidwa za zimene anasungitsidwa. Tikawerenga chilamulo cha Mose tidabwa kuona m'mene Mulungu asamalira nyama yaikazi ndi ana ake. Pa Levitiko 22:27 analamula kuti mwana wa ng'ombe, wa nkhosa kapena wa mbuzi asachotsedwe kwa make atangobadwa, ngakhale chifukwa cha nsembe. Pa Deuteronomo 22:6-7 analetsa munthu wopeza chisa kutenga mbalame yaikazi pamodzi ndi ana ake. Pa Eksodo 23:12 mpumulo wa Sabata uperekedwa kwa ng'ombe ndi bulu omwe. Ndipo Miyambo 12:10 itiuza kuti chilungamo cha munthu chimaonekera ngakhale pa kasamalidwe ka chiweto chake. Buku lomwelo, pa 11:1, lidzudzula chinyengo pa malonda. Kugulitsa chodwala ndi kunena kuti ndi chamoyo ndi muyeso wonyenga umenewo.

Nkoyenera kudziwanso kuti Akristu anatengapo mbali pa chiyambi cha mabungwe oteteza nyama ku nkhanza. Bungwe loyamba lokhazikika la mtundu umenewu linakhazikitsidwa ku London m'chaka cha 1824, ndipo amene anaitanitsa msonkhano wake anali mbusa, Arthur Broome. Pakati pa amene anafika panali William Wilberforce, yemwe uja analimbana ndi malonda a akapolo. Mbusa Broome anafika poponyedwa m'ndende chifukwa cha ngongole za bungwelo. Anthu amenewa anaona kuti mtima umene uzolowera kulira kwa nyama suchedwa kuzolowera kulira kwa munthu.

Ife makolo tiganizire bwino pamenepa. Ana athu amaphunzira chifundo poona zimene tichita, osati pomva ulaliki wokha. Mwana amene waona bambo wake akumangirira galu padzuwa tsiku lonse popanda madzi, kapena kutaya tiagalu m'thumba kumtsinje, waphunzira kuti chofooka chilibe mlandu ukachizunza. Phunziro limenelo adzapita nalo ku ukwati wake.

"Ndinakagula chifukwa cha chisoni"

Akristu ambiri amtima wabwino amagula kagalu ka pamseu chifukwa chomvera chisoni, poganiza kuti akapulumutsa. Sitiwaweruza, pakuti chisoni chao nchoona. Koma tiyeni tione chimene chichitika pambuyo pake. Wogulitsa amapita kunyumba ndi ndalama, ndipo waphunzira kuti kagalu kooneka kovutika ndiko kagulidwa msanga. Mawa abwera ndi tina. Woweta naye, poona kuti katundu watha, amukweretsanso galu wamkazi uja. Ndalama imene inaperekedwa mwachifundo yalipira kuzunzika kwa make ndi kwa tiagalu tina timene tidzabadwa. Nkowawa kupitirira osagula, koma malonda amenewa adzatha tsiku limene ogula adzaleka. Tikaona nkhanza yoonekeratu, tikanene kwa alangizi a ziweto, kwa apolisi kapena kwa amfumu.

Sitiiwala kuti mnyamata wa katoni uja naye ndi mwana wa munthu, ndipo mwina ndi wa mpingo wathu womwe. Ntchito ndi zosowa, ndipo achinyamata ambiri ayesa njira iliyonse kuti apeze sopo ndi fizi. Kuweta agalu ndi kugulitsa si tchimo, monganso kuweta mbuzi si tchimo. Koma inu anyamata amene muchita ntchitoyi, ichiteni monga anthu oopa Mulungu. Musasunge agalu ambiri kuposa amene mungathe kudyetsa. Galu wamkazi asayambe kuswa asanakhwime, ndipo muzimpumitsa. Bayitsani make ndi ana, ndipo sungani makadi a katemera. Musagulitse kosakwana masabata 8. Nenani zoona za mtundu wake. Itanani wogula afike pakhomo adzaone yekha. Woweta amene sachita manyazi kuonetsa khola lake adzakhala ndi mbiri yabwino, ndipo ogula adzatumizana okha kwa iye.

Tisanabweretse galu pakhomo

Safunsa anadya phula. Banja lisanatenge galu likhale pansi, bambo, mayi ndi ana, ndi kufunsana. Galu amakhala zaka 10 kapena kuposa. Kodi tidzatha kumudyetsa ngakhale m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pamene ufa uchepa? Adzamupatsa madzi ndani? Kodi tili ndi mthunzi ndi malo oti azigona?

Mukagwirizana, pitani nokha kumene kagaluko kanabadwira. Muone make ndi maso anu, ali pamodzi ndi ana ake. Muone ngati ali ndi thupi, ngati ali womasuka ndi anthu a pakhomopo, ndiponso ngati pogona pake mpouma. Funsani tsiku limene anaswa, ndipo pemphani kuona khadi la katemera. Wogulitsa akanena kuti make wachokapo, kapena kuti mukumane pa siteji, kapena kuti mutumize ndalama pafoni iye atumiza kagalu pa basi, bwererani.

Musanyoze galu wa m'mudzi. Agalu athu achikuda akhala m'dziko lino zaka mazana ambiri, anazolowera kutentha kwa m'chigwa cha Shire, sadya zambiri, ndipo polondera sagona. Galu wamkulu wa ubweya wambiri amavutika ndi dzuwa la ku Balaka, ndipo chakudya ndi mankhwala ake zingapose mphamvu ya banja. Galu wa mnansi wanu amene mumamuona tsiku ndi tsiku akaswa, njira ya makolo ija yokapempha ndi kudikira ikadali yabwino koposa.

Kagalu kakafika, pitani nako kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu kuti akuuzeni za mankhwala a njoka ndi masiku a katemera. Ngati simufuna kuti galu wanu aziswa, funsani madokotala a ziweto za kufula wamwamuna ndi kutseka wamkazi, m'malo modzataya ana chaka ndi chaka.

Tipempha amayi a Mvano, aphunzitsi a Sande Sukulu ndi atsogoleri a achinyamata kuti nkhaniyi aikambeko pa misonkhano yao, makamaka za kutsuka bala ndi kuthamangira kuchipatala. Mwana mmodzi akadziwa, adzauza anzake khumi.

Mbale wathu uja tsopano ali ndi galu wina. Anamupeza kwa mayi wina wamasiye wa mumpingo mwao, amene galu wake anaswa ana asanu. Anapitako katatu pamodzi ndi ana ake kukaona, ndipo mayiyo anakana kupereka kufikira miyezi iwiri itakwana. Ndi galu wachikuda wofiirira, wopanda dzina la mtundu, ndipo khadi lake la katemera lisungidwa pamodzi ndi mabuku a kusikelo a ana. Atatiuza zimenezi, mbaleyo anaonjeza kuti chimene chimamuvutabe ndi kuganiza za galu wamkazi amene anaswa kagalu koyamba kaja, amene sanamuone, ndipo sadziwa ngati akadali m'khola muja kuswera ena.

Ambuye atipatse maso oona zimene malonda abisa, ndi mtima wosamalira zolengedwa zake zonse, zazikulu ndi zazing'ono zomwe.